Chaka Chimene Ndinagulitsa Chisoso

Anthu kuno ku Joni akamakumbukira chaka cha mliri amatchula asilikali m'misewu, matekisi opanda anthu, fodya ndi mowa zoletsedwa. Ine ndimakumbukira masaka atatu a chisoso chouma amene anali kuseri kwa chitseko cha mkhukhu wathu, kanyumba ka malata, ku Ivory Park, ndi zimene ndinachita nawo.

Novembala

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Fourways, masiku atatu pa sabata. Amuna anga, a Yohane, ankathandiza amisiri omanga, lero kuno mawa uko. Mwana wathu Tadala tinamusiya ku Ntcheu kwa achemwali anga.

Munda ndinaupeza kudzera mwa a Phiri, bambo wachikulire amene ankakhala nyumba yachitatu kuchokera pathu. Iwowa anabadwira konkuno. Bambo awo anachoka ku Dowa kubwera ku migodi, anakwatira Mzulu, osabwereranso. A Phiri anagwira ntchito pa fakitale ya zitsulo mpaka kupuma, ndipo ku Malawi anali asanapondeko. Chichewa chawo chinali chakale, chopindikapindika, chosakanikirana ndi Chizulu, koma ankachikonda ngati chovala cha malemu. Tsiku limene tinadziwana anandipeza pa mpopi ndikukalipira a Yohane chifukwa chotaya sopo. Anaima ndi ndowa m'manja n'kuseka mpaka misozi. Anati chimwalirire bambo awo anali asanamveponso munthu akukalipa mokoma choncho.

Ankalima kamunda pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi, kumene anthu saloledwa kumangako. Msana utayamba kuwavuta anandigawira theka. Mvula itagwa kawiri tinadzala chimanga, maungu ndi nyemba. Dothi la kumeneko ndi lofiira, lodzaza zidutswa za mabotolo ndi mapulasitiki, koma ukalipatsa manyowa a nkhuku silikana.

Januwale

Mvula ya kuno imabwera masana ndi ziphaliwali, nthawi zina ndi matalala, kenako dzuwa ng'aa ngati sikunagwe kanthu. Udzu unamera mopikisana ndi chimanga. Tsiku lina tikupalira ndinaona a Phiri akuzula chisoso chanthete n'kumachiponya kumalire.

"Abambo, mukutaya ndiwotu."

"Uqadolo ameneyu? Ameneyu ndi wa mbuzi, mwana wanga. Ntchito yake n'kumata minga pa thalauzi."

"Kwathu ndi chisoso."

Ndinathyola nsonga zake, ndinakaphika ndi tomato ndi kansinjiro kamene ndinali nako, n'kuwatumizira m'mbale. M'mawa mwake anandiuza kuti chikununkha ngati mankhwala, koma mbale inabwera yotsuka. Kuchokera pamenepo anasiya mzere umodzi kumalire osaupalira. Chinakula mpaka m'chiuno, n'kuchita maluwa ake aang'ono aja, oyera m'mbali, achikasu pakati.

Amayi anga sanali sing'anga, koma chisoso ankachidziwa. Munthu akadzitema ndi khasu ankafikisa masamba ake m'manja n'kufinyira madzi obiriwirawo pabala kuti magazi aleke. Mayi akangobereka ankamuphikira chambiri, amati chimabwezeretsa magazi m'thupi. Mwana akamadandaula m'mimba ankamumwetsa madzi ake owiritsa, ndipo ineyo anandidonthezerapo m'khutu ndili wamng'ono, ndikukumbukabe kuzizira kwake. Nzeru zawo pa chisoso zinathera pamenepo. Chifuwa ankachifunira zina, masamba a bulugama kapena mandimu, ndipo chikakula ankatinyamula ulendo wa ku chipatala cha mishoni.

Malichi

Chimanga chinali chitakhwima pang'ono pamene tinamva kuti dziko likutsekedwa. Madamu anga ananditumizira uthenga pa foni kuti ndisabwere kaye, andiuza. Anandilipira mwezi umenewo wonse, mwezi wotsatira theka, kenako foni yawo inangoti zii. Kumene ankagwira a Yohane anakhoma geti ndi tcheni, simenti ili m'matumba momwemo.

Tonse tinkati ndi za masabata atatu. A Yohane mpaka anakondwa kuti apumako.

Epulo

Njala ya m'tauni ndi yosiyana ndi ya kumudzi. Kumudzi umaiona ikubwera, nkhokwe ikutsika pang'onopang'ono. Kuno chakudya chili mbwee m'mashopu, umachiona pagalasi, koma m'thumba mulibe kanthu. Ufa unakwera, mafuta ophikira anakwera, parafini naye osatsala. Tinayamba kudya kamodzi pa tsiku, cha m'ma fili koloko masana, kuti chikhale chamasana ndi chamadzulo chomwe.

Kunamveka kuti pa bwalo la mpira akugawa mapaselo a zakudya. Ndinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo nditafika kutsogolo anandifunsa chitupa cha dziko lino. Ndinabwerera ndi jumbo yanga yopinda. A Phiri analandira, ndipo mwana wawo wamkazi, Thandeka, amene ankasoka zovala pakhomo pawo, anatibweretsera shuga m'kapu ndi chitini cha nsomba. Thandeka Chichewa sankachidziwa, tinkamvana m'Chizulu changa chothyokathyoka.

Anansi aliyense anaona njira yake. Banja lina la ku Mangochi linagulitsa firiji ndi bedi, kudikira tsiku limene malire adzatseguke. Mnzathu wina anayamba kugulitsa fodya mobisa. Ena analowa m'minda ya pansi pa mawaya ija. Tinapeza mizere inayi ya chimanga chathu itathyoledwa, mapesi ali chiimire. A Yohane anafuna kuti azikalondera, koma a Phiri anakana.

"Wakuba chimanga chachiwisi ndi munthu wa ana. Tiyeni tingokolola chatsalachi."

Tinakolola chisanaume bwino, n'kuchiyanika padenga. Mbali yanga inakwana thumba limodzi ndi theka.

Popeza ndinalibe kopita, ndinayamba kufutsa chisoso. Chinali paliponse, kumalire a minda, m'mbali mwa ngalande, kuseri kwa sukulu yotsekedwa. Ndinkathyola, kuviika m'madzi otentha pang'ono, kuyanika pa malata. Pofika kumapeto kwa mwezi ndinali ndi masaka atatu a mfutso. Ndinkaganiza za ndiwo basi.

Meyi

Chisanu chinagwa sabata yachitatu. M'mawa wina ndinapita kumunda n'kupeza masamba a maungu atapsa, chisoso chonse chitada ngati chawauka ndi moto. Kuchokera tsiku limenelo panalibenso chobiriwira choti munthu n'kuthyola. Tinkagaya chimanga chathu pang'onopang'ono, ndiwo ndi mfutso, lero wothira mchere wokha, mawa wothira anyezi ngati wapezeka.

Juni

A Yohane anayamba kutsokomola. Thupi linatentha masiku atatu, mutu ukuwawa. M'nyumba munalibe masamba a tiyi, ndiye ndinkawiritsa chisoso chouma n'kumawapatsa madzi ake kuti amweko chotentha. Patatha sabata anadzuka n'kuyamba kudandaula za njala. Kaya chinali chimfine wamba, kaya anali matenda aja, sitinadziwe, sanayezetse.

Pafupi nafe pankakhala Mai Tembo, a ku Chipata, amene ankagulitsa tomato ndi makala pamsewu. Iwo chisoso amachitcha kanunkha. Anandipeza ndikutsanula madzi aja mumphika.

"Amake Tadala, ndiye mwawachiza ndi kanunkha amuna anu?"

"Kuchiza chiyani? Tinalibe tiyi."

"Inu musadzichepetse. Munthu anali gone uja!"

Mai Tembo pakamwa pawo sipankagona nkhani. Masiku awiri asanathe, mawu anali atazungulira pa mafoni kuti pali mayi wa ku Malawi amene ali ndi mankhwala a matendawa. Nthawi imeneyo aliyense ankasaka chomwera. Azulu ankafuna chitsamba chawo chowawa chija amati umhlonyane, ndipo chinali chitasowa. Ena ankafukiza bulugama, ena adyo ndi jinja. Mphekesera zinali zoti ukalowa m'chipatala sutulukamo, umafa wekha popanda wachibale, ndipo mtembo amaukulunga m'pulasitiki.

Woyamba kugogoda anali mayi wina wa Chisuthu. Ndinamuuza zoona, kuti ndi ndiwo chabe. Anaseka, n'kusiya faifi randi pa tebulo, n'kutapa yekha kapu imodzi. Wachiwiri ndinamuuzanso, koma motsitsa mawu. Pofika wachisanu ndinali nditasiya kunena. Munthu akafunsa kuti, "Zimathandizadi?" ndinkayankha kuti, "Amuna anga si awo akuwaza nkhuni?" Bodza sindinanene, ndinkadziuza choncho. A Yohane analidi panja akuwaza nkhuni.

Mai Tembo anati faifi randi ndi kunyoza mankhwala, anthu sakhulupirira chotchipa. Kapu inafika pa twente randi. Iwo ankatenga china kukagulitsira pamsewu, n'kumaonjezera yawo. Sabata imeneyo tinagula ufa wa makilo khumi, parafini, ndi mapazi a nkhuku. Ndinatumiza kandalama ku Ntcheu koyamba chiyambire Malichi, ndipo achemwali ananditumizira chithunzi cha Tadala atavala juzi yatsopano. Sindinama, ndinasangalala. Ndinkati chisoso sichinaphepo munthu, akamwa angokodza basi.

A Yohane anandifunsa kamodzi kokha. "Kodi zimenezi zitithera bwino, amayi a Tadala?"

"Mukufuna tibwerere ku kudya kamodzi?"

Anatola nkhwangwa n'kutuluka.

Julayi

Kunazizira kwambiri chaka chimenecho, madzi a m'ndowa ankachita khungu pamwamba. Utsi wa mbaula unkagona pamwamba pa mikhukhu mpaka dzuwa kukwera. Matenti a maliro anayamba kuoneka m'misewu yathu, aang'onoang'ono, a anthu owerengeka.

A Phiri anadwala sabata yachiwiri. Ndinamva kwa Mai Tembo kuti akutsokomola, ndipo masana ake anandiitanitsa. Ndinaima pakhomo la chipinda chawo nditamanga kansalu kukamwa. Anali atakhala pabedi atafunda mabulangete awiri, akupuma ngati munthu amene wakwera phiri. Thandeka anali ataima pakona manja atapinda.

"Uyu akufuna kunditaya ku chipatala," anatero a Phiri. "Ndamuuza kuti mankhwala a kwathu alipo. Si choncho, mwana wanga?"

Mawu oti kwathu anawatchula monyadira, munthu woti Dowa ankangomumva. Ndinayang'ana pansi.

"Chisoso amayi ako ankachiza nacho chifuwa, eti?"

Pamenepo mpamene ndinayenera kunena. Koma ndinaganiza za anthu onse amene ndinawagulitsa, ndinaganiza kuti Thandeka akamva, mawa msewu wonse umva. Ndinaganizanso za saka limodzi ndi theka limene linatsala.

"Imwani chotentha, abambo, mupeza bwino," ndinatero.

Ndinawapatsa makapu atatu ulere, ngati kuti ulerewo ukonza kanthu.

Tsiku lotsatira sindinapiteko. Linalo m'mawa ndikuchapa panja, Thandeka anabwera n'kuima patsogolo pa beseni langa. Maso ake anali ofiira. Analankhula m'Chizulu pang'onopang'ono kuti ndimve liwu lililonse.

"Sisi, ine sindikudziwa ngati masamba akowa amachiza kapena ayi. Iweyo ukudziwa. Bambo anga milomo yayamba kuda. Ine akundikanira, akuti ndine mwana wa kuno, sindidziwa kanthu. Iwe akumvera chifukwa umalankhula ngati bambo awo. Ngati amachiza, undiuze pano ndikhale pansi. Ngati sachiza, tiye ukawauze wekha."

Manja anga anali m'madzi a sopo. Ndinawapukuta pa chitenje n'kumutsatira.

A Phiri anali atagona chammbali. Kapu ya madzi a chisoso inali pampando, yomwedwa theka. Ndinagwada pakhomo monga timachitira kwathu.

"Abambo, ndabwera kudzakuuzani kuti ndinakunamizani. Amayi anga chisoso ankathira pabala, ankapatsa wobereka, ankamwetsa wa m'mimba. Chifuwa sanachizepo nacho. Chifuwa chikafika pamene chafika chanupa ankathamangira ku chipatala. A Yohane anachira okha. Ine ndimangogulitsa chifukwa cha njala."

Kulankhula kunkawavuta.

"Ndiye ukuti ndipite?"

"Pitani, abambo. Lero lomwe."

Anatseka maso, kenako anauza Thandeka m'Chizulu kuti awapatse jekete lawo la ku tchalitchi. Ambulansi tinaidikira mpaka masana osabwera. A Yohane anakapeza munthu wa bakki, galimoto yapikapu, amene anavomera kuwanyamula atagona kumbuyo pa matiresi. Pa geti la chipatala alonda anamubweza Thandeka. Anabwerera ndi nsapato za bambo ake m'jumbo.

Ogasiti

Mphepo ya Ogasiti inabwera ndi fumbi lake lofiira, udzu wa pansi pa mawaya unapsa ndi moto wolusa. Anthu ankabwerabe pakhomo ndi ndalama m'manja. Ndinayamba kuwauza mmodzimmodzi kuti si mankhwala a matendawa, ndi ndiwo, ndipo wodwala apite ku chipatala.

Ndinkayembekeza kutukwanidwa, mwina kumenyedwa kumene. Zimene zinachitika sindinaziganizire: sanandikhulupirire. Bambo wina anakweza mtengo yekha mpaka fifite randi. Mayi wina anandiloza chala n'kunena kuti ife Amalawi tikubisa mankhwala kuti tichire tokha, eni dziko azifa. Mawu amenewo kuno si ocheza, a Yohane anayamba kugona nsapato zili pafupi. Mapeto ake ndinatulutsa saka lotsalalo, ndinaliika pamsewu, n'kunena kuti aliyense atape ulere akaphike ndi tomato. Linatha tsiku lomwelo. Ndi angati anaphika ndi tomato, sindikudziwa.

Mai Tembo anandikwiyira. "Mwataya chuma chifukwa cha manyazi, amake Tadala. Nanga anthuwo mukuganiza asiya kumwa? Akagula kwa wina." Ananena zoona. Iwo anapitiriza kugulitsa timapaketi ta masamba ena ouma amene sindinawadziwe, mpaka mphekesera inatha yokha.

Tinabwerera ku kudya kamodzi. Chimanga chathu chinatha pakati pa mwezi. Chimene chinatipulumutsa n'choti kumene ankamanga a Yohane anatsegula, anayamba kuwaitana masiku awiri pa sabata.

Za a Phiri tinkamva kudzera kwa Thandeka, amene ankaimbira ku chipatala tsiku lililonse. Ine sankandiuza, ankauza a Yohane. Masiku ena ankati ali pa mpweya, masiku ena foni sinkayankhidwa. Ndinkawerenga masiku awiri aja mobwerezabwereza, kuyambira pamene anandifunsa mpaka pamene ndinagwada pakhomo. Ndinkaganizanso za ena amene ndinawagulitsa osadziwa ngakhale maina awo. Tenti iliyonse ya maliro ndinkaidutsa ndikudzifunsa ngati m'nyumbamo munali kapu yanga.

A Phiri anatuluka m'chipatala patatha masabata anayi. Anali atatha, jekete lija likulendewera ngati lobwereka. Adokotala anauza Thandeka kuti mapapo awo sadzabwereranso mwakale, ndipo akanafika msanga zikanakhalako bwino. Thandeka anabwera kudzandiuza mawu amenewo ali chiimire, n'kutembenuka.

Okutobala

Madamu anga anandiimbira kuti ndiyambirenso, tsiku limodzi pa sabata. Mvula yoyamba inagwa chakumapeto kwa mwezi, fungo la dothi linadzaza paliponse. Ndinali ndisanalankhulane ndi a Phiri chitulukire chawo. Ndinkadutsa kuseri kuti ndisaonane nawo.

Loweruka lina anatuma a Yohane kuti andiuze kuti munda sudikira manyazi a munthu. Ndinapita ndi khasu. Ndinawapeza atafika kale, atakhala pa kreti ya mowa yotembenuza, ndodo ili pakati pa miyendo. Kuchokera kunyumba kwawo kufika pamenepo anapuma kanayi, anandiuza okha.

Ndinalima mizere iwiri tisanalankhule. Kenako ndinaika khasu pansi.

"Abambo, ine ndinakulakwirani."

"Unandilakwira, inde."

Anapuma kaye, mpweya ukulira m'chifuwa.

"Koma usadzitenge ngati ndiwe wochenjera kwambiri. Ukuganiza kuti sindinkadziwa? Udzu umenewu ndaupalira zaka makumi awiri. Ukanakhala wochiza matenda otere, bwenzi azungu atautchingira ndi waya kalekale." Anaseka, kusekako kunasanduka chifuwa, ndinadikira mpaka chitadutsa. "Ndinkaopa, mwana wanga. Mkazi wanga anafera m'chipatala chomwe chija. Ndinkafuna munthu andiuze m'chilankhulo cha bambo anga kuti sindifa. Ndinakufunsa funso loti undinamize, iwe n'kundinamizadi. Tinalakwa awiri. Kungoti iwe unali ndi mpweya wokwanira kunena zoona, ine ndinalibe."

Anandilozera ndi ndodo kumene mzere wanga unakhota, n'kunena kuti ndiwongole.

Chaka chimenecho ndinalima munda wonse ndekha, mbali yawo ndi yanga, ndipo zokolola tinagawana pakati monga kale. A Phiri sanagwirenso khasu. Anakhala zaka zina ziwiri, akuyenda pang'onopang'ono, akupuma pa mpanda uliwonse, ndipo anamwalira m'nyengo yozizira ndi chifuwa chomwecho.

Iwo anandigawira theka la mlandu, koma Thandeka sanavomereze kugawako. Tikakumana pa mpopi amandipatsa moni, ine n'kuyankha, n'kuthera pomwepo. Pa maliro a bambo ake ndinaphika nawo masiku atatu, ndipo pomaliza anandithokoza monga anathokozera wina aliyense. A Yohane amati ndipite ndikakambirane naye, papita nthawi. Ine ndimati ayi. Mayi uja anandifunsa zoona maso ndi maso pamene ine ndinkazibisa, ndipo bambo ake anapuma movutika zaka ziwiri iye akumva usiku ndi usana. Akadzafuna kundikhululukira adzanena yekha. Ngati sadzafuna, sanalakwe.